Golide ndi Wawo, Fumbi Ndiwe Mwini

Ntchito yanga kuno ku Joni ndi yolemba malipiro. Mwezi uliwonse ukamapita kumapeto ndimadzitsekera m'kaofesi kopanda zenera ku Booysens, kuwerengetsa ndalama za anthu a pakampani yathu yopanga mashelefu achitsulo. Pa pepala la malipiro pali mizere imene anthu amaiwerenga ndi maso ofiira: msonkho, UIF, ngongole. Koma pali kamzere kena kamene palibe amene amakafunsa, ka inshulansi imene kampani imatilipirira kuti munthu akagona nthawi yaitali poto asazizire kunyumba. Chaka chatha wowotcherera wathu wina anagwa ndi sitiroko. Masiku ake odwala olipidwa anatha, miyezi itatu yodikira inadutsa, kenako inshulansi ija inayamba kumupatsa 75 peresenti ya malipiro ake mwezi ndi mwezi. Mafomu ake ndinadzaza ndine. Nditasaina tsamba lomaliza ndinatuluka panja kukapumako mphepo. Kuseri kwa mpanda wathu kumaoneka chulu chachikasu cha mchenga wa m'migodi yakale, ndipo nditachiyang'ana ndinakumbuka agogo anga aamuna, amene anadwalira pansi pa mzinda womwewu.

Ine ndinawapeza atakhala kale munthu wa pakhonde. Kwathu ku Ntcheu, chakufupi ndi Kampepuza, ana tinkadziwa kuti kwacha tikamva chifuwa chawo. Chinkayamba tambala woyamba asanalire, chouma, chosatulutsa kanthu, ngati munthu akucheka thabwa ndi sowo yobuntha. Kuchoka pakhonde kufika pankhokwe ankapumira kawiri. Anthu ena ankati analodzedwa ku Joni ndi mnzawo wansanje. Iwo ankaseka, kenako n'kutsokomola chifukwa cha kusekako. Matendawa ankawatchula kuti thayisisi, mmene ankatchulira anzawo a kukomponi. Tsiku lina ndinawafunsa kuti golide amene ankakumbayo ali kuti. Anandiyankha kuti, "Mdzukulu, golide sindinamuonepo ndi maso. Ine ndinkaona mwala ndi fumbi. Golide ndi wawo, fumbi ndiwe mwini." Mwambi umenewu amaunenera munthu wolowa m'bwalo la gule, kuti avine yekha mwamphamvu osadalira ena. Agogo anautembenuza, ndipo zanditengera zaka makumi atatu kuti ndimve chimene ankatanthauza.

Inshulansi ya antchito si mlendo mu Joni. Ndi yamsinkhu umodzi ndi mzindawu. Golide anapezeka ku Langlaagte mu 1886, ndipo mu 1894 makampani atatu a migodi anakhazikitsa Rand Mutual Assurance kuti izilipira anthu ovulala pantchito. Kampaniyi ilipobe mpaka lero. Komatu ngozi imene ankaiwerengera inali yooneka ndi maso: mwala wagwera munthu, chala chaduka, chikepe chathothoka. Kunali mdani wina amene sankatulutsa magazi. Mwala wa golide wa ku Witwatersrand ndi wolimba kwambiri, wodzaza ndi silika. Mitchini yoboolera miyala itafika m'zaka za m'ma 1890, inkagaya mwalawo kukhala fumbi losalala kuposa ufa woyera. Fumbi limeneli likalowa m'mapapo silitulukanso. Thupi limalikuta ndi zipsera, mapapo amauma ngati chikumba, ndipo munthu amayamba kusowa mpweya ali chikhalire. Mankhwala ake kulibe. Mapapo otere ndiwonso amene chifuwa chachikulu chimawalowa mosavuta. Choipitsitsa n'choti matendawa sathamanga. Munthu angachoke pamgodi ali wathanzi, n'kudzayamba kubanika patapita zaka khumi.

Oyamba kumveka kulira kwawo anali azungu, makamaka akatswiri oboola miyala ochokera ku Cornwall ku England, amene ankabwerera kwawo kukafa akadali anyamata. Mu 1902 boma la nthawiyo linakhazikitsa komiti yofufuza za imfazi. Azunguwo anali ndi mavoti ndiponso mabungwe, ankatha kunyanyala ntchito, choncho mawu awo anafika ku nyumba ya malamulo. Mu 1911 ndi 1912 kunabwera malamulo oyamba opereka chipepeso kwa odwala matenda a fumbi, ndipo mu 1916 kunatsegulidwa ofesi ya madokotala youika odwalawo m'magulu. Chipatala cha Springkell chinamangidwa kuti azungu odwala azikapumirako. Dziko la South Africa linatchuka nazo zimenezi, moti mu 1930 bungwe la ILO, loona za antchito padziko lonse, linachititsa msonkhano wa mayiko ambiri wokambirana za matendawa mu Johannesburg momwe muno. Madokotala a kunja ankabwera kudzaphunzira.

Nyumba ya chipepesoyi inali ndi makomo awiri. Mzungu akapezeka ndi matendawa pamlingo woopsa ankalandira penshoni ya mwezi ndi mwezi, ndipo akamwalira mkazi ndi ana ankapitiriza kulandira. Munthu wakuda ankapatsidwa ndalama kamodzi kokha, kachidutswa chabe poyerekeza ndi za mzungu, kenako ankakwezedwa sitima. Eni migodi sankabisa maganizo awo. Pamaso pa komiti ya Lansdown, imene inafufuza za malipiro a anthu akuda m'migodi mu 1943, iwo ananena poyera kuti wantchito wakuda ali ndi munda kwawo, choncho malipiro ake ndi ongowonjezera pa zimene banja lake limakolola. Ganizo lomwelo ndi limene linkagwira ntchito pa matenda. Ngati munda ukudyetsa mkazi ndi ana bambo ali ku Joni, ndiye kuti udzadyetsanso bamboyo akadzabwera wopanda mapapo. Ine wolemba malipiro ndikaliwerenga ganizo limeneli ndimaona inshulansi yathunthu: wolipira alipo, wolandira alipo, koma wolipirayo sanafunsidwe. Anali mayi wogwira khasu ku Ntcheu, ku Mzimba, ku Inhambane, ku Lesotho.

Anthu a ku Nyasaland analowa m'nkhaniyi msanga. Wenela, bungwe la eni migodi lolemba anthu ntchito, linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Anthu ochokera kumayiko otentha ankafa kwambiri ndi chibayo m'makomponi ozizira a ku Witwatersrand, mwakuti mu 1913 boma linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ngakhale kuti pakati ponsepo amuna ankapitabe okha wapansi, ulendo umene ankautchula kuti selefu. Msonkho unkafuna ndalama, ukwati unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinali kum'mwera. Ena sanabwerere n'komwe, n'kusanduka matchona.

Agogo anapita koyamba mu 1961. Ankakonda kufotokoza ulendowo chifukwa ndi mmene anakwerera ndege. Anagona pa depoti ya ku Blantyre, pamalo amene mpaka lero timangoti pa Wenela ngakhale kuti amene amaimapo tsopano ndi mabasi. Kuchoka pa Chileka anauluka mpaka ku Francistown, kenako sitima mpaka ku Joni, ku depoti yaikulu ya mu Eloff Street imene antchito ankaitchula kuti Mzilikazi. Kumeneko amuna mazanamazana ankavula zovala zonse n'kuima pamzere. Ankawayeza pasikelo, dokotala ankamvetsera pachifuwa, ankadinditsa zala zonse khumi. Wopezeka ndi kachilema m'chifuwa ankabwezedwa. Migodi inkagula mapapo abwino okhaokha. Agogo anatumizidwa ku mgodi wina wa kumadzulo kwa mzinda, ndipo poti anali ndi mapewa aakulu anawapatsa mtchini woboolera. Ankati ukhala chogwada m'kanjira kotsika kosatheka kuimirira, mtchini uli pamimba, madzi opopera fumbi nthawi zina akutuluka nthawi zina ayi, ndipo potuluka malovu ako ndi otuwa ngati phala la simenti. Kontiraki ikatha ankabwera kumudzi ndi sutikesi yachitsulo, n'kukatenga kuboma ndalama zimene ankawasungira kuti adzalandirire kwawo. Zikatha, ankabwereranso.

Ulendo womaliza unali wa 1973. Atawajambula pachifuwa, kalaliki wa pamgodipo anawaitana n'kuwauza m'Chifanakalo, chinenero cha m'migodi, kuti ntchito yapansi yatha, apite kwawo akapume. Anawapatsa envelopu, iwo n'kudinda chala. Ndalama za mu envelopuyo zinagula malata 14 ndi njinga. Malatawo anali oyamba m'mudzi mwathu, ndipo anthu ankabwera kudzawaona. Njinga anaipalasa zaka ziwiri zokha, kenako zitunda zinawakanika, atsibweni n'kuitenga. Anali asanakwanitse zaka 40.

Chaka chomwecho cha 1973 boma la South Africa linakhazikitsa lamulo latsopano la matenda a m'migodi, lodziwika ndi chidule choti ODMWA, limene likugwirabe ntchito. Papepala muli zabwino ndithu. Munthu amene anagwirapo mumgodi ali ndi ufulu woyezedwa mapapo pakapita zaka ziwiri zilizonse moyo wake wonse. Matenda akakula kuchoka pa mlingo woyamba kufika wachiwiri, amayenera kulandira ndalama zina. Wodwala chifuwa chachikulu amabwezeredwa 75 peresenti ya malipiro amene wataya ali pamankhwala, mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Koma ofesi yogamula zonsezi ili ku Braamfontein, ndipo mitengo yake inali yosiyana potengera khungu mpaka lamulolo litakonzedwa mu 1993. Lamuloli limanenanso kuti munthu wa kumigodi akamwalira, mtima ndi mapapo ake zitumizidwe ku Johannesburg kuti madokotala aone ngati banja liyenera kulandira chipepeso. Tangoganizani mudzi wa ku Ntcheu, anamfedwa ali m'nyumba ya siwa, adzukulu akukumba manda, wina n'kuimirira kunena kuti titumbule malemuwa, mapapo apite ku Joni. Ngakhale nkhaniyo ikanafika, ndani akanainena pamaso pa akuluakulu?

Agogo atangobwerera, msewu umene anayendamo unayamba kutsekeka. Nthawi imeneyo Amalawi m'migodi ya ku South Africa anali oposa 100,000. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Kamuzu analetsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977, bungwe litasintha dzina kukhala TEBA, ndiye chiyambi cha mawu athu akuti kupita ku Theba. Chiwerengero sichinabwererenso mwakale. Mu 1988 mayiko awiriwa anasemphana pa nkhani yoyeza Amalawi kachilombo ka HIV, ndipo anthu pafupifupi 13,000 anabwezedwa kumudzi m'zaka zotsatira. Izi zinachitika pa nthawi imene antchito akuda anali atangoyamba kumveka. Bungwe la antchito a m'migodi la NUM linabadwa mu 1982 motsogozedwa ndi Cyril Ramaphosa, mu 1987 linachititsa sitiraka ya milungu itatu, ndipo mu 1989 kunakhazikitsidwa thumba la Mineworkers Provident Fund, limene antchito eni ake anali ndi mawu pa kayendetsedwe kake. Nsima inapsa Amalawi atanyamuka kale pamphasa. Mpaka lero m'maboma ambiri mumapezeka madala atanyamula timapepala tachikasu m'jumbo, akupita kukalembetsa mayina chifukwa amva kuti ndalama za ku Theba zikubwera.

Amene anatsegula khomo lina anali munthu wodwala ngati agogo. Thembekile Mankayi, wa ku Eastern Cape, anachotsedwa ntchito atadwala mapapo ndipo analandira R16,320 pansi pa lamulo la ODMWA. Anasumira kampani ya AngloGold Ashanti, ndipo kampaniyo inati lamulo silimlola kusuma. Mu Marichi 2011 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti ali ndi ufulu wosuma. Iye anali atamwalira masiku ochepa chigamulocho chisanaperekedwe. Mlandu wake unatsegulira njira anthu masauzande. Mu Meyi 2016 khoti la ku Johannesburg linalola kuti odwala onse asume ngati gulu limodzi, ndipo mu 2018 makampani asanu ndi imodzi a golide anavomera kupereka R5 biliyoni. Ndalamazo zikugawidwa ndi bungwe la Tshiamiso Trust kwa anthu amene anagwira m'migodi ya makampaniwo kuyambira pa 12 Marichi 1965 mpaka pa 10 Disembala 2019, kuphatikizapo a ku Malawi ndi mabanja a omwalira.

Nkhaniyi itamveka pa wailesi, amayi anandiimbira foni. "Iwe uli komweko, tafufuza za agogo ako." Ndinawapempha kuti atsegule sutikesi yachitsulo ija. Anapezamo chithunzi cha agogo atavala chisoti cha nyali, chiphaso cha msonkho, ndi lisiti la malata. Pepala lotchula matenda munalibe. Agogo anamwalirira pamphasa m'nyumba mwawo mu 1991, ine ndili ndi zaka 11, ndipo amene analemba imfa yawo ndi a mfumu, m'mutu mwawo. Chipepeso chimafuna umboni, ndipo umboni wake ndi mapepala kapena mapapo. Mapapo ali ku manda a kwathu pansi pa mtengo wa msuku.

Lero malamulo a kuno ali ngati makwerero, ndipo ndimawadziwa pamtima chifukwa ndiwo amandidyetsa. Lamulo la ntchito la 1997 limapatsa wantchito milungu isanu ndi umodzi yodwala akulipidwa pa zaka zitatu zilizonse. Ikatha, pali UIF, thumba limene wantchito amaponyamo 1 peresenti ndipo bwana amaponyamo 1 peresenti, ndipo limathandiza kwa miyezi yowerengeka ndi gawo chabe la malipiro. Ngati matendawo kapena kuvulalako kwachokera pantchito, pali lamulo la chipepeso la 1993. Pamwamba pa zonsezi ndiye pali inshulansi ija ya pakampani, imene imatha kulipira mpaka munthu atachira kapena atafika zaka zopuma. Imeneyi palibe lamulo lokakamiza bwana kuigula. Ali nayo ndi anthu a m'mabanki, m'migodi ikuluikulu, m'mafakitale amene muli mabungwe a antchito amphamvu, ndi ena ochepa amwayi ngati ife. Makwerero otsikawa akhala akufutukuka pang'onopang'ono. Antchito a m'nyumba analowa mu UIF mu 2003, ndipo mu 2020 khoti linagamula kuti nawonso aziphimbidwa ndi lamulo la chipepeso.

Tsono Amalawi ambiri amene ndimapemphera nawo Lamlungu sali pa khwerero lililonse. Amagwira m'minda ya maluwa ku Sandton, amasoka ku Fordsburg, amagulitsa m'mashopu ku Mayfair, amalondera usiku. Malipiro amalandira pamanja, ndipo ambiri mapepala awo anatha kale ntchito. Ukajomba masiku atatu, lachinayi upeza mnzako wa ku Mangochi kapena wa ku Bulawayo atagwira kale payipi yako. Chaka cha dzana mnyamata wina wa kwathu, wazaka 26, anadwala chifuwa chachikulu. Mankhwala ankalandira aulere kukiliniki, koma mankhwalawo amafuna chakudya, ndipo chakudya ndi lendi zimafuna ntchito. Pa gulu lathu la WhatsApp tinasonkha, wina R50, wina R100. Mayi wina wachikulire amene amatisungira ndalama za maliro ananena mawu amene tonse tinkawadziwa koma tinkaopa kuwatchula: "Ana anga, mutumizeni akadali ndi mpweya. Tikiti ya munthu wamoyo ndi yotchipa kuposa bokosi." Tinamuperekeza kubasi m'mamawa, tam'funditsa bulangete, thumba la mapiritsi lili pamiyendo. Kutsogolo kwake kunali Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa ku Tete, mpaka Zobue. Pamene ankakwera anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, mukawauze amayi akandichingamire ndi njinga." Basi itanyamuka ndinazindikira kuti tachita ndendende zimene kalaliki wa pamgodi uja anachita mu 1973. Envelopu, bulangete, pita kwanu ukapume. Kusiyana kwake n'koti envelopuyi tinadzaza ndife.

Usiku wa tsiku limene ndinamaliza mafomu a wowotcherera wathu uja, ndinatsegula tsamba latsopano pa kompyuta n'kulemba pamwamba dzina la agogo anga aakazi, ngati mmene ndimalembera wantchito watsopano. Tsiku loyamba ntchito: 1973. Tsiku lomaliza: 1991. Zaka 18, miyezi 216. Ntchito zake ndinazilemba mmene ndinkazionera: kulima munda wa anthu awiri ndi khasu limodzi, kupita kumtsinje kawiri chifukwa wodwala amasamba madzi otentha, kudzuka pakati pa usiku kuwatsamiritsa kukhoma kuti mpweya ulowe, kuphika mowa wa masese kuti papezeke ya sopo ndi ya basi yopita kuchipatala, kulera ana asanu ndi mmodzi. Anali mayi wamfupi, wosalankhula zambiri. Sanaponde Joni, ndipo ndege ankangoiona kumwamba. Pamzere wa malipiro cholozera chinkangophethira, ine osadziwa nambala yolembapo, mpaka mlonda anagogoda kufunsa ngati ndikugona muofesi.

Mu Disembala ndinapita kumudzi. Nyumba ija ikadalipo, ngakhale kuti tsopano amasungiramo fodya ndi makasu. Malata 14 aja achita dzimbiri mpaka kufiira, ndipo pena dzuwa limalowa ngati pa sefa. Msuweni wanga anati tiwachotse tikagulitse kwa ogula zitsulo. Ndinamupempha kuti awasiye kaye. Amayi anali pakhonde pomwe ankakhala agogo, akusankha nyemba m'lichero, ndipo anandifunsa osadzutsa mutu: "Nanga iweyo ukadzadwala kumeneko, adzakusamala ndani?" Ndinayamba kuwafotokozera za kamzere kaja ka pa pepala la malipiro, za miyezi itatu yodikira, za 75 peresenti. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anapeta nyemba zawo n'kunena kuti munda wa kudambo sadzaubwereketsa kwa wina aliyense, ndi wanga.